Ukale wa mfuti siuichotsa m'manja mwa lamulo

Ku America, ambiri osonkhanitsa mfuti zakale amaganiza kuti mfuti ikapitirira zaka 50, kufupika kwa mpope wake kulibenso mlandu. Ayi ndithu. Lamulo la National Firearms Act la 1934, lofuna kuti mfuti zina zilembetsedwe kuboma, limagwirabe raifo ya mpope wosakwana mainchesi 16, shotigani ya mpope wosakwana 18, kapena iliyonse mwa izi yodulidwa mpaka kutalika kwake konse kusafika 26. Zaka 50 zimangoipatsa dzina la "curio or relic" (mfuti yachilendo kapena yamakedzana), basi.

Ngakhale yopangidwa 1899 isanakwane, ngati ikuwomba zipolopolo zimene zikugulitsidwabe, siimasuka.

Ena amaloza Winchester Trapper ya mpope wa mainchesi 14 kapena 15. Zoona, bungwe la boma loona za mfuti la ATF linachotsa zambiri m'lamuloli, koma imodziimodzi, potsata nambala yake. Fufuzani nambalayo pa mndandanda wa ATF musanapereke ndalama.

Poyeza mpope, tsekani mfuti yopanda chipolopolo, lowetsani kamtengo kukamwa mpaka kagunde, ikani chizindikiro, yezani.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mfuti ya agogo yofupika chotere imene sinalembetsedwe pofika pa chikhululuko cha 1968, pamene boma linalola anthu kulembetsa mfuti zotere popanda mlandu, mdzukulu sangailembetsenso lero, ndipo kuisunga kungam'mangitse mpaka zaka 10.