Chilema cha mu dayamondi chomwe chimamva kunong'ona kwa maatomu

Mtsikana wina yemwe ndinkamuyang'anira pa kafukufuku wake wa kemisitiri kuno ku Zomba anatha miyezi iwiri akuwiritsa, kusefa ndi kuumitsa makungwa a mtengo omwe agogo ake ku Chingale amamwa m'mimba mukawavuta. Atamaliza anabwera ndi kabotolo, pansi pake pali kamafuta kachikasu koti mpaka upendeketse botololo padzuwa kuti ukaone. "Aphunzitsi, nanga tidziwa bwanji kuti kameneka n'kachiyani?" Yankho lake ndi makina otchedwa NMR. Koma makinawa ndi adyera, ukawapatsa zochepa amangokhala duu.

Amene munamvapo za MRI ya kuchipatala, NMR ndiye mkulu wake. Pakati pa atomu ya haidirojeni pali kachinthu kotchedwa pulotoni, komwe kamachita ngati kamaginito kozungulira. Mukakaika m'maginito amphamvu, kamazungulira kakupendama uku ndi uku monga nguli ikayamba kutopa. Liwiro lake silisintha chisawawa: maulendo 42.58 miliyoni pa sekondi pa tesla imodzi iliyonse, tesla pokhala muyezo wa mphamvu ya maginito. Kuzungulirako kumatulutsa kaphokoso ka mtundu wa wailesi, ndipo koyilo ya waya imakatola. Felix Bloch ku Stanford ndi Edward Purcell ku Harvard anasonyeza zimenezi mu 1946, n'kulandira mphotho ya Nobel mu 1952.

Chokoma chake kwa ife a kemisitiri n'chakuti pulotoni iliyonse imasintha pang'ono mawu ake malinga ndi maatomu omwe yayandikana nawo. Ethanol, chomwe chimaledzeretsa mu kachasu, amalira m'magulu atatu. Methanol, m'bale wake uja amachititsa khungu ndi kupha, amalira m'magulu awiri. Pamaso zonse n'zamadzi zoyera mbee, koma NMR siisokoneza.

Dyera lija limachokera apa. Ngakhale m'maginito a tesla 9.4, ozizitsidwa ndi helium wamadzi pa madigiri 269 pansi pa ziro, mapulotoni sagwirizana. Theka limaloza kuno, theka uko, ndipo mawu awo amafafanizana. Pa mapulotoni 100,000 alionse, otsala oti n'kumveka ndi ngati atatu basi. N'chifukwa chake kachubu ka NMR, kotakata mamilimita 5, timakathira pafupifupi theka la mililita, madontho ngati 10. Mukachepetsa kwambiri, koyilo imangomva phokoso lake lomwe.

Apa ndiye pabwera dayamondi, koma osati ya ku mgodi wa Jwaneng ku Botswana yokongoletsera mphete. Iyi amaipanga m'fakitale kuchokera ku mpweya wa methane, kachidutswa kafulati kocheperapo chikhadabo cha mwana, ndipo amaiika chilema dala. Dayamondi yabwinobwino ndi kaboni yekhayekha wosanjana ngati njerwa. Chotsanipo njerwa imodzi muikepo naitirojeni, ndiye pambali pake musiyepo gweru, ngati mkamwa mwa mwana wogweluka dzino. Malo amenewo amatchedwa NV, ndipo maelekitironi okodwa pamenepo ndiwo khutu lathu.

Mukawalitsa laser yobiriwira pa NV, iyo imabweza kuwala kofiira. Kuwalako sikukhala chimodzimodzi nthawi zonse. Mukaiomba ndi mafunde a microwave a pafupi ndi 2.87 GHz, kufupi ndi omwe WiFi imayendera, kufiirako kumazilala pang'ono, ndipo malo enieni omwe kumazilalira amasuntha pakakhala mphamvu ya maginito pafupi, ngakhale yochepa chotani. Ndiye mukadonthezera zamadzi pamwamba pa dayamondi, mapulotoni akamazungulira, kuwala kofiira kumanjenjemera motsatira kuzungulirako, kachipangizo koona kuwala n'kumalemba mu kompyuta. Mawu akuti quantum musawaope; amangotanthauza kuti chomwe chikuyezacho n'chaching'ono zedi moti chimatsata malamulo a maatomu, osati a zinthu zomwe timagwira ndi manja. Chomwe chimandidabwitsa ine mpaka lero n'chakuti zonsezi zimachitika pa kutentha kwa m'chipinda. Zipangizo zambiri za quantum zimafuna kuzizira koopsa, koma dayamondi ndi yolimba moti imatchinjiriza kachilema kake yokha.

Mphamvu yake yagona pa kuyandikira. Koyilo ili ngati munthu womvetsera msika wa Mpondabwino ali pamwamba pa phiri la Zomba: amamva chigulu, osati munthu. NV imakhala pansi penipeni pa khungu la dayamondi, mtunda wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, khutu lili pakamwa pa wonong'onayo.

Mu 1997 gulu la Jörg Wrachtrup ku Germany linaona NV imodzi payokha. Mu 2013 magulu awiri, la ku Stuttgart ndi la kampani ya IBM ku California, anamva mapulotoni a m'kachidutswa ka mananomita ochepa chabe, nanomita pokhala gawo limodzi la milimita yogawidwa magawo miliyoni. Komabe kumva kuti munthu alipo n'kosiyana ndi kumva zomwe akunena. Mawu ankamveka osokonekera, oti sungasiyanitse ethanol ndi methanol, makamaka chifukwa mamolekyulu a m'zamadzi sakhala pansi, amachoka pa khutu lija asanamalize kulira. Mu 2018 gulu la Ronald Walsworth ku Harvard linagwiritsa ntchito ma NV ochuluka pamodzi n'kusiyanitsa mawu otalikirana ndi hertz imodzi yokha (kuzungulira kumodzi pa sekondi), pa zamadzi zokwana mapikolita ngati 10. Kuti mumvetse, tengani dontho limodzi la madzi muligawe magawo 5 miliyoni. Gawo limodzi ndi limenelo. Selo imodzi ya m'thupi mwathu ili m'misinkhu yomweyo, ndipo n'chifukwa chake a zaumoyo atchera khutu. Mu 2019 gulu la Victor Acosta ku University of New Mexico linamata dayamondi pa timipaipi topyapyala, zamadzi n'kumadutsa kaye m'maginito amphamvu kenako n'kufika pa dayamondi.

Ndisakunamizeni, makina aakulu aja sakupuma ntchito mawa. Zoyesa zambiri zoyambirira zinali pa zamadzi zosasungunula, pomwe mapulotoni adzaza tho. Chinthu chikasungunuka kwambiri, monga mankhwala m'magazi, dayamondi imavutikabe, ndipo akatswiri ali kalikiliki kufuna njira zokakamiza mapulotoni ambiri kuloza mbali imodzi. Komanso maginito akakhala ofooka, mawu a magulu aja amayandikana kwambiri, kuwasiyanitsa n'kukhala chintchito.

Ine chomwe chimandikopa si kuchepa kwa dontho ayi, koma helium. Maginito aakulu amafuna kuthiridwa helium mosalekeza, ndipo helium amachokera kunja, ndi ndalama zakunja. Mukachedwa naye, maginito amafa. Laser, microwave ndi maginito wamba ndi zinthu zoti labotale ngati yathu ingathe kuzisunga, magetsi akathima n'kudzayatsanso akabwera.

Kabotolo ka mtsikana uja tinakakulunga m'thonje n'kukatumiza kunja. Anayankha patatha milungu isanu ndi umodzi kuti kachepa, tiwonjezere. Lolemba lotsatira anakwera minibasi ya ku Chingale, thumba lopanda kanthu lili m'manja, kukasenda makungwa ena.