Maina a munthu wopalamula m'Chijeremani

M'Chijeremani munthu wopalamula mlandu amatchedwa Täter. Mawuwa amachokera ku Tat, kutanthauza chimene munthu wachita. Choncho Täter ndi "wochita" basi. Dzinali limaloza chimene chachitika, silinena kuti munthuyo ndi wamtima wotani.

Komanso dzinali sapatsa munthu mwachisawawa. Apolisi akamafufuza, iye ndi Beschuldigter, woganiziridwa. Woimira boma pa milandu akapereka mlandu wake kukhothi, amakhala Angeschuldigter. Khothi likavomera kuti mlanduwo uzengedwe, ndiye wasanduka Angeklagter. Kusiyana kwa maina awiri omalizawa kunachita kulembedwa m'gawo 157 la lamulo la ku Germany la kazengedwe ka milandu. Akapezeka wolakwa mpamene amatchedwa Verurteilter. Ine kachitidwe kameneka kamandisangalatsa, chifukwa ukangomva dzina umadziwiratu pamene mlandu wafika.

Mawu oti Verbrecher, ofanana ndi "chigawenga", ndi olemera. Gawo 12 la lamulo la zilango limati Verbrechen ndi mlandu umene chilango chake chochepetsetsa ndi chaka chimodzi m'ndende kapena kuposa apo. Yotsalayo ndi Vergehen. Wosolola chikwama m'sitima wachita Vergehen, koma wochilanda mwachiwawa wachita Verbrechen. Apanso lamulo likuyeza mlandu, osati munthu.

Kusamala kotere kuli ndi mbiri yowawa. Mu 1933 boma la Hitler linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi anthu amene linawatcha Gewohnheitsverbrecher, oti umbanda unawalowa m'magazi. Woweruza ankatha kulamula kuti munthu asungidwebe ngakhale wamaliza chilango chake. Ena apolisi ankawatcha Berufsverbrecher, ati umbanda ndiyo ntchito yawo, ndipo ankawatengera ku misasa yozunzirako anthu popanda mlandu watsopano. Kumeneko ankawasokera kansalu kobiriwira ka makona atatu pa malaya. Ambiri anali akuba wamba amene anali atagwira kale ukaidi wawo. Nkhondo itatha palibe anawalabadira, ndipo nyumba ya malamulo ya Germany inadzavomereza mu 2020 kuti nawonso anazunzidwa ndi chipani cha Nazi.

N'chifukwa chake ndimachita nthumanzi ndi mawu oti Intensivtäter, amene apolisi a kumeneko amatchulira anthu opalamula mobwerezabwereza, makamaka achinyamata. M'lamulo la zilango mawuwa mulibe. Chigawo chilichonse cha dzikolo chili ndi kawerengedwe kake, moti mnyamata akhoza kukhala Intensivtäter ku Berlin, koma atapalamula milandu yomweyo kwina osalowa m'kaundula ameneyo.