Zoti khanda siliona ndi bodza

Kusikelo ku Ndirande ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Amake mwana, musavutike n'kumusekerera, ameneyu saona mpaka atakwanitsa miyezi itatu." Si zoona.

Khanda limaona, kungoti mwachimbuuzi. Chimene limaona bwino n'chapafupi, masentimita 20 mpaka 30, ngati nkhope ya mayi ake likamayamwa.

Cha m'ma 1960, katswiri wa ku America, Robert Fantz, ankaonetsa makanda zithunzi n'kumawerengera nthawi imene ayang'ana chilichonse. Maso ankakhalitsa pa chojambula cha nkhope kuposa pa chopanda kanthu. Njira yakeyo ndiyo inabala makhadi a mizeremizere oyezera maso a ana amene sanayambe kuyankhula. Mu 1975 ofufuza ena anapezanso kuti makanda ongobadwa kumene, mphindi zochepa chabe, ankatembenuza mutu kutsatira chithunzi cha nkhope.