Tembenuzani kapetiyo musanandifunse kumene inachokera

Pafupifupi sabata iliyonse ndimalandira pa WhatsApp chithunzi cha kapeti yoyalidwa bwino pabalaza, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: ndagula iyi pa okushoni, kodi ndi ya ku Persia (dzina lakale la dziko la Iran)? Ndakhala zaka zambiri mu Johannesburg ndikukonza makapeti oluka pamanja, ndipo ndatopa kubwereza kuti chithunzi cha pamwamba sichindiuza kanthu. Maluwa ndi mizere imene mukuionayo aliyense angathe kuitengera. Maluwa a ku Kashan, mzinda wa ku Iran, amalukidwanso ku Bhadohi m'dziko la India, a ku Isfahan, mzinda winanso wa ku Iran, amalukidwanso ku China, ndipo makina a ku Gaziantep m'dziko la Turkey ndi a ku Belgium amatulutsa zonsezi usana ndi usiku. Chimene woluka sasintha wamba ndi kamangidwe kamene manja ake anazolowera kuyambira ali mwana, ndipo kameneko kamaonekera kuseri kwa kapeti.

Za kapeti imene kuseri kwake anamatako nsalu ndi guluu sinditayapo nthawi, chifukwa imeneyo ubweya wake anachita kubaya ndi kachipangizo ndipo ilibe ngakhale imodzi mwa mfundo zimene woluka amamanga ndi manja. Pa kapeti yeniyeni mphonje ndi nsonga za ulusi woimirira umene kapeti yonse yamangidwapo, ngakhale kuti yakale nthawi zina imapezeka ndi mphonje zosokerera chifukwa zake zinatha.

Pindani kapetiyo pang'ono motsatira mzere umodzi wa mfundo kuti ubweya utseguke, ndipo muyang'ane patsinde pake ndi galasi lokulitsa zinthu. Mfundo zodziwika zilipo ziwiri. Ina imakulunga ulusi woimirira uwiri mofanana, nsonga zake zonse n'kutulukira pakati, ndipo amalonda amaitcha ya ku Turkey kapena ya Ghiordes. Inayo imakulunga ulusi umodzi n'kungodutsa kuseri kwa winawo, ndipo amaitcha ya ku Persia kapena ya Senneh. Mayina amenewa ndi amene asokoneza anthu ambiri. Tabriz, Heriz, Bijar ndi Hamadan onse ali m'dziko la Iran, koma oluka akumeneko amamanga mfundo yotchedwa ya ku Turkey, ndipo ngakhale ku Senneh kwenikweniko, kumene lero ndi mzinda wa Sanandaj, amamanga yomweyo, osati imene inatenga dzina lawo. Mfundo yotchedwa ya ku Persia mudzaipeza ku Isfahan, Kashan, Qom, Nain ndi Kerman, komanso ku India, Pakistan ndi China. Choncho mfundo payokha imangokuthandizani kuchotsa madera ena, sikupatsani dzina la mudzi.

Kenako werengani ulusi wopingasa umene uli pakati pa mizere ya mfundo. Midzi ya ku Hamadan imadutsitsa umodzi wokha, ndiye chifukwa chake kuseri kumaoneka timadontho toyera ta thonje ngati munthu wawaza mchere. A ku Bijar amaugogoda ulusiwo mwamphamvu kwambiri moti kapeti imauma gwa ngati thabwa, ndipo mukaipinda mokakamiza m'malo moikulunga, ulusi wam'kati umaduka. Makapeti a m'matauni amamangidwa pa thonje kapena pa silika, pamene anthu oweta nkhosa monga a Qashqai, a Baluch ndi a Turkmen ankamanga pa ubweya wa ziweto zawo zomwe.

Apa ndipo pali nkhani imene imandiwawabe mumtima. Mayi wina wa kwathu, amene amagwira ntchito ya unamwino kuno, anagula kakapeti kofiirira pa okushoni ya katundu wa m'nyumba ya munthu womwalira. Papepala panangolembedwa kuti Bokhara. Dzinali ndi la msika wa Bukhara ku Uzbekistan kumene makapeti a anthu a Turkmen ankagulitsidwa, osati kumene ankalukidwa, ndipo masiku ano ambiri otchedwa dzinali amalukidwa ku Pakistan. Bambo wina wodzitcha katswiri anangoona chithunzi pafoni n'kuwauza kuti ndi ya ku Pakistan, yotsika mtengo, asavutike nayo. Iwo anakhulupirira. Anaipereka kwa anyamata otsuka galimoto, amene anaikwecha ndi burashi yolimba, sopo wa ufa ndi mankhwala oyeretsa zovala, kenako anaipinda isanaumitsitse n'kuiika m'galaja dzinja lonse.

Itafika m'manja mwanga ndinaitembenuza, ndipo ndinakhala chete kwa kanthawi. Ulusi woimirira unali waubweya, osati wathonje monga zimakhalira pa za ku Pakistan. Mfundo zinali zing'onozing'ono ndi zothinana, ubweya wake waufupi ndi wolimba, ndipo kufiira kwake, pamene panapulumuka, kunali kwa mizu ya chomera chotchedwa madder. Inali ntchito ya anthu a Tekke, limodzi mwa mafuko a Turkmen, ndipo m'kuona kwanga inali itapitirira zaka 100. Koma mankhwala aja anali atauwotcha ubweya moti unkathothoka ndikangoupaka ndi chala, chuku chinali chitadya ngodya ziwiri, ndipo m'mapindiro munali mphutsi za njenjete ndi timchenga take. Akanangonditumizira chithunzi chimodzi cha kuseri asanaichape, ndikanawauza tsiku lomwelo kuti asaikhudze. Mayiwo sanalire, anangofunsa ngati ingakonzedwe, ndipo ndinawayankha kuti mtengo wokonzera ungapose mtengo wa zimene zatsala.

Utoto umathandiza kudziwa zaka kuposa dera. Utoto woyamba wa m'fakitale unapezedwa ndi William Perkin mu 1856, choncho kapeti imene ili ndi mtundu wa pepo wosuluka pamwamba koma wowala patsinde siingakhale ya zaka 200 ngakhale wogulitsa alumbire. Kusinthasintha kwa mtundu umodzi m'mizere yopingasa si chilema, kumangosonyeza kuti ulusi unanyikidwa m'miphika yosiyana, koma dziwani kuti mafakitale nawo anaphunzira kuchita dala zimenezi. Chaka cholukidwa pakona musachikhulupirire msanga. Chaka cha 1320 pa kalendala ya Chisilamu yoyendera mwezi chinayamba mu 1902, koma pa kalendala ya dzuwa imene Iran inakhazikitsa mu 1925 chinayamba mu 1941, ndipo oluka ena osadziwa kuwerenga ankangotengera manambala a pa kapeti yakale ngati maluwa.

Chenjerani ndi mapepala a umboni amene amabwera ndi kapeti, chifukwa aliyense amene ali ndi kompyuta angathe kuwasindikiza. Chenjeraninso ndi munthu amene akukuuzani mtengo kwaulere kenako n'kunena kuti angakuthandizeni poigula yekha. Amene akukulonjezani silika pa mtengo wa thonje, muuzeni azule kaulusi kamodzi muwotche: silika amanunkha ngati tsitsi lopsa, pamene thonje lonyezimiritsa ndi ulusi wa m'fakitale wotchedwa viscose zimanunkha ngati pepala. Palinso amene amapaka inki pamalo operepeseka kuti thonje loyera lisaoneke. Pukutani ndi kansalu koyera konyowa, ndipo inkiyo idzatsalira pansaluyo.

Koma kuchedwa ndiko kumandipweteka kwambiri. Okushoni zambiri zimagulitsa katundu monga momwe alili, ndipo ngati zimalola kubweza chinthu chimene chinalembedwa molakwika, masiku ake amakhala owerengeka ndipo amalembedwa m'malamulo ang'onoang'ono amene anthu sawerenga. Onaninso mawu enieni a papepala, chifukwa kunena kuti kapeti ili ndi maluwa a ku Persia si kulonjeza kuti inalukidwa ku Iran. Sabata yomwe mwaigula, musanaichape ndiponso musanaiyale pafupi ndi makapeti ena, ijambuleni kuseri pa kuwala kwa dzuwa mutaikapo rula, mujambulenso mphonje, m'mphepete ndi patsinde pa ubweya, ndipo mupite nayo kwa munthu wokonza makapeti amene angaigwire ndi manja ake, amene mudzamulipira chifukwa cha nthawi yake ndipo sakufuna kuigula.