Team Dresch ndi Oregon ya m'ma 1990

Mu 2025 zinakwana zaka 30 chitulukireni chimbale choyamba cha Team Dresch, Personal Best, ndipo funso lakale lidakalipo: kodi gulu loimbali tiliike pati? Ambiri olemba za nyimbo amangoliponya m'gulu la riot grrrl, nyimbo za punk (rock yaphokoso) za akazi omenyera ufulu wawo, chifukwa oimbawo anali akazi ndipo ankadziwana ndi anzawo a mumzinda wa Olympia, likulu la nyimbozo. Ena amati malo ake enieni ndi queercore, nyimbo za punk za anthu okonda anzawo ofanana nawo ziwalo. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ndipo chimene chimandikokera kumeneko ndi zimene zinkachitika nthawiyo ku Oregon, dera la ku America.

Gululi linayamba mu 1993, ndipo linkakhala mumzinda wa Portland ku Oregon. Donna Dresch anali atayimbapo gitala ya besi m'magulu a Screaming Trees komanso Dinosaur Jr., ndipo ankasindikiza kamagazini kake kotchedwa Chainsaw, komwe kenako kanabala kampani yotulutsa zimbale. Jody Bleyle ankaimba ng'oma m'gulu la Hazel, Kaia Wilson anachokera ku Adickdid, Marci Martinez ku Calamity Jane. Sanali ophunzira kumene, ndipo sankabisa zoti amakonda akazi anzawo.

Kusabisako kunali ndi mtengo wake. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 1992, bungwe la Oregon Citizens Alliance lotsogoleredwa ndi Lon Mabon linabweretsa Measure 9, lamulo lomwe likanachititsa kuti malamulo aakulu a Oregon anene poyera kuti chikondi chotere n'cholakwika komanso chosakhala chachibadwa, ndipo masukulu aziphunzitsa ana zomwezo. Kampeni ili mkati, mu Seputembala, anyamata odana ndi anthu akuda anaponya bomba la petulo m'nyumba ina ku Salem, likulu la Oregon. Anafera momwemo Hattie Mae Cohens, mayi wakuda wokonda akazi anzake, ndi Brian Mock, bambo wokonda amuna anzake. Apa nkhani imagawikana. Ena amatsindika za tsankho la khungu ndi mkangano womwe unalipo kale pakati pa achiwembuwo ndi anthu ena a m'nyumbamo, pomwe omenyera ufulu ankati chidani cha kampeni ya Measure 9 ndicho chinakolezera moto. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, koma kwa mkazi woyenda usiku ku Portland atagwirana dzanja ndi mnzake, kusiyanitsako sikunkachepetsa mantha. Measure 9 inagwa pa voti, komabe anthu oposa 40 pa 100 alionse anaivomereza. Mu 1994 bungwe lomwelo linabweranso ndi Measure 13, ya cholinga chofanana, ndipo inagwa movutikira kwambiri.

Personal Best inatuluka mu 1995 kudzera ku Chainsaw ndi Candy Ass, kampani ya Bleyle. Muli nyimbo 10 zosakwana theka la ola, ndipo imodzi mutu wake ndi "Hate the Christian Right!", womwe munthu amaumva bwino akakumbukira mavoti awiri aja.

Koma chimene ndimaona kuti chinasiyanitsa gululi ndi ena onse ndi Free to Fight, yomwe Candy Ass inatulutsa chaka chomwecho. Zinali zimbale ziwiri pamodzi ndi kabuku, zonse zophunzitsa akazi kudziteteza. Pakati pa nyimbo pankamveka akazi akufotokoza mmene anapulumukira kwa owachita chiwembu, ndi malangizo a pomenya: maso, kholingo, mawondo, kwinaku ukukuwa mwamphamvu. Ofotokoza mbiri ya gululi amati ntchitoyi inabadwa ena mwa oimbawo atamenyedwa chifukwa cha chikondi chawo gululi litangoyamba. Amasiyana pa tsatanetsatane wa usikuwo, koma zotsatira zake zilibe mtsutso, chifukwa anthu anaziona ndi maso. Paulendo wawo wokaimba ankatenga mphunzitsi wa kudziteteza, Alice Stagg, yemwe ankakwera pa nsanja n'kuonetsa mmene ungadziwombolere munthu akakugwira. Mtsikana wobwera kudzavina ankabwerera kwawo akudziwa chochita ndi chigongono chake. Riot grrrl inalankhula kwambiri za nkhanza kwa akazi, zimenezo n'zoona, koma chiopsezo chimene Team Dresch inkayankha chinali cha munthu amene anthu a m'dera lake lomwe ankavotera ngati ali woyenera kulemekezedwa kapena ayi.

Zotsatira zinayenda msanga. Chimbale chachiwiri, Captain My Captain, chinatuluka mu 1996, Melissa York ali pa ng'oma. Wilson ndi York anachoka n'kukayambitsa gulu la The Butchies ku North Carolina, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Team Dresch inali itasiya kuimba. Anakumananso mu 2004 pa chikondwerero cha Homo-A-Go-Go ku Olympia, ndipo mu 2019 kampani ya Jealous Butcher ya ku Portland inatulutsanso Personal Best ndi Captain My Captain, gululi n'kujambulanso nyimbo zatsopano.