Mtsinje wa Nile: madzi a mayiko 11, pangano la mayiko awiri

Pa 9 Seputembala 2025, nduna yaikulu ya Ethiopia, a Abiy Ahmed, adatsegulira damu la Grand Ethiopian Renaissance Dam, lomwe ambiri amangolitchula kuti GERD. Damuli lili ku Guba, pafupi ndi malire a dzikolo ndi Sudan. Ku Ethiopia kudali kuvina ndi nthungululu, pomwe boma la Egypt lidatumiza kalata ya madandaulo ku nthambi yoona za chitetezo ya United Nations. Mkangano umenewu si wa dzulo kapena dzana. Udayamba kalekale simenti ya damulo isanathiridwe, ndipo gwero lake ndi mapepala omwe anthu ochepa adasainirana eni mvula kulibe.

Nile amene amafika ku Egypt ndi mitsinje iwiri ikuluikulu yomwe imakumana mu mzinda wa Khartoum. White Nile imachokera kudera la nyanja ya Victoria, n'kudutsa Uganda ndi South Sudan, koma ikalowa m'madambo aakulu a Sudd madzi ake ambiri amauma ndi dzuwa. Blue Nile imatuluka m'nyanja ya Tana, kumapiri a Ethiopia. Mukaphatikiza Blue Nile ndi mitsinje ya Atbara ndi Sobat, mupeza kuti pafupifupi 85 peresenti ya madzi ofika ku Aswan, kum'mwera kwa Egypt, ndi mvula yogwa ku Ethiopia. Ku Egypt mvula siigwa yoti munthu n'kulimira. Anthu oposa 100 miliyoni athithikana m'mbali mwa mtsinjewu, ndipo kumwa kwawo, kusamba ndi ulimi wonse zili pa madzi ochokera kwa eni ake.

Mantha oti a kumtunda angadzatseke mtsinje ndi akale kwambiri ku Cairo. Kwa zaka mazanamazana mkulu wa mpingo wa Orthodox ku Ethiopia ankasankhidwa ku Alexandria, m'dziko la Egypt, ndipo ubale ukasokonekera pankamveka mphekesera zoti mafumu a Ethiopia apatutsa madzi. Panalibe mfumu yomwe ikadatha kuchita zimenezo, koma manthawo adakhazikika. Wolamulira wa Egypt, Khedive Ismail, adatumiza asilikali ake kumapiriko, ndipo mfumu ya Ethiopia, Yohannes IV, idawagonjetsa kawiri, ku Gundet mu 1875 ndi ku Gura mu 1876.

Amene adaika nkhaniyi pa pepala ndi Angelezi. Atalowa mu Egypt mu 1882, maso awo adali pa thonje la mafakitale a ku Lancashire, ndipo thonje limafuna madzi ngakhale m'miyezi yomwe mtsinje watsika. Mu 1902 adamaliza damu loyamba la Aswan. Chaka chomwecho adasainirana pangano ndi mfumu Menelik II, momwe mudali mfundo yoti Ethiopia isamange chilichonse chotsekereza madzi a Blue Nile, Tana kapena Sobat popanda kumvana ndi Britain komanso boma la Sudan. Mpaka lero a ku Cairo amalitchulabe panganoli, pomwe a ku Addis Ababa amati silikuwamanga.

Kenaka Angelezi omwewo adayamba kulima thonje ku Gezira m'dziko la Sudan, ndi madzi a damu la Sennar lomwe lidatha mu 1925. Apa mpamene anthu a ku Egypt adaonera kuti madzi angasanduke chikwapu. Mu 1924 mkulu wa atsamunda ku Sudan, Lee Stack, adawomberedwa ku Cairo, ndipo kazembe wa Britain ku Egypt, Lord Allenby, pokwiya adaopseza kuti minda ya ku Gezira aikulitsa mopanda malire. Chiopsezocho sichidachitike, koma chidabala zokambirana zomwe zidathera m'pangano la 1929, lomwe kwenikweni lidali makalata awiri pakati pa nduna yaikulu ya Egypt, Mohamed Mahmoud, ndi kazembe wa Britain, Lord Lloyd. Egypt idapatsidwa makiyubiki mita 48 biliyoni pa chaka, Sudan 4 biliyoni. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Choposa manambalawo chidali mphamvu yoletsa: m'madera onse omwe Britain ankalamulira, palibe amene akadamanga chochepetsa madzi a Nile popanda chilolezo cha Cairo. Britain adalonjeza zimenezi m'malo mwa Uganda, Kenya ndi Tanganyika, anthu a kumeneko osafunsidwa ngakhale liwu limodzi. Damu la Owen Falls ku Jinja litatha mu 1954, akatswiri a boma la Egypt ankakhala pomwepo kuyang'anira madzi otuluka m'nyanja ya Victoria.

Pangano lomwe ladzetsa chidani chachikulu ndi la 1959. Pulezidenti wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, ankafuna damu lalikulu ku Aswan losunga madzi a zaka zingapo. America ndi Britain atabweza lonjezo lawo la ndalama mu 1956, iye adalanda ngalande ya Suez, nkhondo idabuka, ndipo pamapeto pake thandizo lidachokera ku Soviet Union. Koma nyanja ya damulo ikadasefukira mpaka m'dziko la Sudan, choncho padafunika kumvana ndi Khartoum. Pa 8 Novembala 1959 mayiko awiriwa adawerengera kuti mtsinje umabweretsa makiyubiki mita 84 biliyoni pa chaka. Egypt idatenga 55.5 biliyoni, Sudan 18.5 biliyoni, ndipo 10 biliyoni otsalawo adawasiyira dzuwa la m'chipululu. Wonkhetsani nokha: palibe dontho lomwe lidatsalira Ethiopia. Zidali ngati anthu awiri agawana nkhokwe yonse mwini munda ali kudimba. Boma la mfumu ya Ethiopia, Haile Selassie, lidali litachenjeza kale kuti silidzavomera pangano lomwe silidakhalepo, ndipo lidaitana akatswiri a ku America, a Bureau of Reclamation, omwe pofika 1964 adali atalozera malo omangapo madamu pa Blue Nile. Amodzi mwa malowo adali kumalire komwe kuli GERD lero. Ndalama ndi zomwe zidasowa.

Damu lalikulu la Aswan lidatha mu 1970. Anthu a mtundu wa Nubia zikwizikwi adasamutsidwa, tauni yakale ya Wadi Halfa idamira, ndipo akachisi a Abu Simbel adadulidwa zidutswazidutswa n'kukamangidwanso pamtunda mothandizidwa ndi UNESCO. Dziko lonse limakumbukira za akachisiwo kuposa za anthuwo.

Mayiko a kum'mawa kwa Africa atalandira ufulu adayamba kufunsa chomwe chikuwamanga. Mu 1962 boma la Tanganyika lidadziwitsa Britain, Egypt ndi Sudan kuti pangano la 1929 silingamange dziko lodziimira palokha. Ganizo limeneli, loti dziko latsopano lili ndi ufulu wounika mapangano a atsamunda, limadziwika ndi dzina la Julius Nyerere. Ife Amalawi nkhaniyi tisaimve ngati ya kutali. Pa mkangano wa nyanja yathu timatsamira pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany, lomwe lidaika malire m'mbali mwa gombe la kum'mawa, pomwe Tanzania imafuna malire apakati pa nyanja. Pangano la malire ndi losiyana ndi pangano logawa madzi, ndipo a zamalamulo amazisiyanitsa ndithu. Komabe amene wagwirapo pepala la atsamunda mwamphamvu chotere sangaseke munthu wa ku Cairo akamakakamira lake.

Zaka za m'ma 1980 zidasiya chilonda china. Chilala chidagwa kumapiri a Ethiopia, ndipo njala ya 1984 ndi 1985 idapha anthu mazana a zikwi. M'zaka zomwezo Egypt idapulumuka chifukwa cha madzi osungidwa m'nyanja ya Nasser, ya damu lalikulu la Aswan, ngakhale kuti pofika 1988 nyanjayo idali itatsika moopsa. Aliyense adatolapo phunziro lake. A ku Ethiopia adaona kuti mvula yawo ikudyetsa ena iwo akufa. A ku Egypt adaona kuti moyo wawo wonse uli pa madzi osungidwa, ndipo aliyense wokhudza madzi amenewo wakhudza pakhosi. Ntchito yokumba ngalande ya Jonglei, yoti ilambalale madambo a Sudd ndi kuwonjezera madzi opita kumunsi, idayamba mu 1978 koma idaima nkhondo itabukanso kum'mwera kwa Sudan mu 1983. Mtsogoleri wa zigawenga zomwe zidaimitsa ntchitoyo, John Garang, adali atalemba za chitukuko cha dera la Jonglei lomwelo pa maphunziro ake a ukachenjede ku Iowa, m'dziko la America.

Malamulo a dziko lonse sathandiza kwenikweni pano. Pangano la United Nations la 1997 lokhudza mitsinje yodutsa m'mayiko angapo lili ndi mfundo ziwiri zomwe zimakokana: yoti dziko lililonse ligwiritse ntchito madzi mwachilungamo ndi moyenera, ndi yoti lisavulaze kwambiri anzake. Wa kumtunda amagwira yoyamba, wa kumunsi yachiwiri. Pa tsiku lovota, Egypt ndi Ethiopia onse sadavotere mbali iliyonse. Mu 1999 mayiko a m'chigwa cha Nile adakhazikitsa bungwe la Nile Basin Initiative ku Dar es Salaam, ndipo adatha zaka pafupifupi khumi akulemba pangano latsopano. Adagwirizana pa zonse kupatula ndime imodzi, 14(b). Egypt ndi Sudan ankafuna kuti ndimeyo iteteze madzi omwe akugwiritsa ntchito kale ndi ufulu wawo wakale, kutanthauza kulowetsa 1959 pakhomo la kuseri. Enawo adakana. Mu Meyi 2010 Ethiopia, Uganda, Rwanda ndi Tanzania adasaina ku Entebbe, Kenya idatsatira patapita masiku ochepa, Burundi mu 2011. Panganoli lidayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2024 South Sudan italivomereza, koma Egypt ndi Sudan adalikana.

Meles Zenawi, yemwe adali nduna yaikulu ya Ethiopia, sadadikire zonsezo. Pulezidenti wa Egypt, Hosni Mubarak, adagwa mu Febuluwale 2011, ndipo pa 2 Epulo, Cairo ili m'chipwirikiti, Meles adaika mwala wa maziko a damulo. Podziwa kuti mabanki akuluakulu sangabwereketse ndalama pa ntchito yomwe oyandikana nawo akukana, boma lidagulitsa mabondi kwa nzika zake za kumudzi ndi zakunja, ndipo ogwira ntchito m'boma adapereka gawo la malipiro awo, ena mokondwa, ena chifukwa kukana kudali kovuta. N'chifukwa chake damuli ku Ethiopia silitengedwa ngati la chipani. Dziko lomwe lamenyana lokha pa zambiri, kuphatikizapo nkhondo ya ku Tigray, pa damu limayankhula chimodzi. Kampani ya ku Italy ya Salini ndiyo idamanga khomalo. Nyanja yake imasunga makiyubiki mita 74 biliyoni, ndipo makina ake angathe kupukusa magetsi okwana mamegawati 5,150, m'dziko lomwe pafupifupi theka la anthu alibe magetsi.

Zokambirana zidayenda mokhota. Mu Juni 2013 andale a ku Egypt, pa msonkhano ndi pulezidenti Mohamed Morsi, adakambirana zowononga damulo osadziwa kuti wailesi ya kanema ikuulutsa zonse. Mu Malichi 2015 atsogoleri a Egypt, Sudan ndi Ethiopia adasaina mfundo zoyambira ku Khartoum, ndipo kwa nthawi yoyamba Egypt idavomera kuti damulo lilipo. Zokambirana za ku Washington zidatha mu Febuluwale 2020 Ethiopia itakana kusaina, ponena kuti America yakondera. African Union idayesa, osaphula kanthu. Mu Julayi 2020 Ethiopia idayamba kudzaza damulo, ndipo magetsi oyamba adatuluka mu Febuluwale 2022.

Kunena zoona, zoopsa zomwe ambiri ankalosera pa nthawi yodzazayo sizidachitike, makamaka chifukwa mvula idagwa bwino m'zaka zimenezo. Damu la magetsi silimwa madzi, limangowachedwetsa, pakuti kuti makina azungulire madzi ayenera kudutsa. Sudan ingapindulenso ndi madzi oyenda mofanana chaka chonse komanso matope ochepa m'madamu ake a Roseires ndi Sennar. Choncho amene amati Ethiopia yaba Nile akukokomeza. Koma amene amati Egypt ikungolira chabe nawonso sakuona bwino. Funso lenileni ndi la chilala cha zaka zingapo zotsatizana, ngati cha m'ma 1980. Nyanja ziwiri zikuluzikulu, ya GERD ndi ya Nasser, zikadzatsika pamodzi, adzayambe ndani kudzaza, ndipo Ethiopia idzatsegula madzi ochuluka bwanji? Egypt ikufuna yankho lolembedwa, lomanga mwalamulo, lokhala ndi woweruza pakabuka mkangano. Ethiopia ikuopa kuti kulonjeza nambala iliyonse kukhala kuvomereza magawo a 1959 ndi kudzimanga manja pa ulimi wothirira wa m'tsogolo. Onse awiri akunena zomveka, ndipo ine ndikuona kuti Addis Ababa lero ikuchita zomwe Cairo idachita mu 1959: kumaliza ntchito kaye, ofunsa adzafunse pambuyo.

Egypt idalengeza mu Disembala 2023 kuti zokambirana zalephera. Patangopita milungu yochepa damu litatsegulidwa mu 2025, madzi adasefukira m'madera ena a Sudan ndi Egypt. Cairo idati Ethiopia idatsegula zitseko za damu mosasamala, Addis Ababa idati popanda damulo kusefukirako kukadaposa pamenepo. Mkangano woyamba wa damu lomalizidwa udakhala wa madzi ochuluka, osati ochepa, ndipo mayiko atatuwa adalibe pangano limodzi lowamanga onse loti atsegule n'kuona wolakwa.