Ilala inadutsa kuchigwa isanaone nyanja

Mu Okutobala, kutentha kuli pachimake ku Nchalo, alamu anga anandiimbira foni ali ku Mbamba Bay, tsidya la nyanja ku Tanzania. "Alamu, mukadagonabe? Kuno yakwana 6." Ine ndinali pamkeka panja, poti m'nyumba simugoneka mwezi umenewu, ndipo foni yanga inkati 5 koloko. Pamapu Mbamba Bay ili chakumadzulo pang'ono poyerekeza ndi Nsanje. Nyengo yotenthayi dzuwa limayamba kutulukira ife, koma wotchi yawo ndiyo imatsogola ndi ola lathunthu.

Gwero lake ndi msonkhano wa mu 1884 ku Washington, pomwe mayiko anagwirizana kuti poyambira kuyeza dziko pakhale ku Greenwich, ku London. Madigiri 15 aliwonse kulowera kum'mawa ndi ola limodzi. Ife timatsata mzere wa madigiri 30, umene umadutsa ku Zambia ndi Zimbabwe. Tanzania imatsata wa 45, wodutsa kutali ku Somalia ndi Madagascar. Nyanja ili pakati pa mizere iwiriyi, ndiye chinagamula nkhani ndi kumene dziko lililonse linkayang'ana pa malonda ndi ulamuliro. Tanganyika atachoka m'manja mwa Ajeremani nkhondo yoyamba itatha, anayendera limodzi ndi Kenya ndi Uganda. Nyasaland khomo lake linali kuno kuchigwa. Njanji yochokera ku Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 sitima inkayenda mpaka ku Beira osaduka. Mpaka lero powoloka pa Marka kulowa ku Mozambique palibe amene amasintha wotchi. Pa Songwe ndiye umasintha.

Alamu pobwera anatsika pa Chitimba n'kukwera phiri kukaona Livingstonia, ndipo chibwerereni sitikupuma nazo. Makhotero pafupifupi 20 pamsewu wa Golodi, mathithi a Manchewe, nyumba ya miyala ya Dr Robert Laws, nsanja ya wotchi, nyanja ili mbee pansi uko, usiku mpaka kufunda bulangete. Munthu wa ku Nchalo akamva za bulangete mu Okutobala amayesa nthabwala.

Sindikutsutsa, malowo ndi okongoladi. Chimene chimandiwawa n'chakuti alendo amajambula zithunzi kumeneko osadziwa kuti ulendo wa tawuniyo unadzera kwathu. Mu 1875 gulu la amishoni a ku Scotland, lotsogozedwa ndi E. D. Young, Laws ali momwemo, linakwera Zambezi n'kulowa mu Shire pa kasitima kotchedwa Ilala. Atafika kumunsi kwa mathithi a Kapichira madzi anawakaniza. Sitimayo anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana a kuno, mothandizidwa ndi mafumu a Chikololo amene anatsala m'chigwa muno kuchokera nthawi ya David Livingstone, anasenza zitsulo zake pamutu mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kulambalala mathithiwo. Tangoganizani, chitsulo pamutu, dzuwa la chilimwe, njira ya miyala yokhayokha! Kumtunda anailumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala inalowa m'nyanja.

Mishoniyo inayamba kukhazikika ku Cape Maclear. Malungo anaithamangitsira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Laws anaikweza pamwamba pa Khondowe, kuthawa matenda a m'mphepete mwa madzi. Kuzizira kumene alendo amakulipirira lero kunali mankhwala kwa amishoniwo.

Ndinawafotokozera alamu zonsezi tili pakhonde, thukuta lili kamukamu. Iwo anangofunsa ngati pa Kapichira pali chikwangwani cha anthu osenzawo. Ndinawauza kuti chimene aliyense amachidziwa pamenepo ndi makina opangira magetsi, ndi njovu za ku Majete pafupi pomwepo.